Ovololo ya Namakhwa

Asilikali sakonda kukamba za mizimu. Munthu woyenda ndi mfuti akamva tsitsi likuima amati ndi mphepo, akamva mapazi kumbuyo amati ndi anyani. Koma nkhani ya pa phiri la Mtsukamwala imakambidwa ndithu, chapansipansi, anthu akamapukuta jombo kuseri kwa matenti, ndipo wokamba aliyense amayamba ndi kulumbira kuti iye zoterezi sakhulupirira. Inunso lumbirirani tsopano, kuti mumvetsere ndi mtima wokhazikika.

Chaka chimenecho gulu la asilikali linkakonzekera ulendo wa kunja, kokasungitsa mtendere, kumene asilikaliwo amangoti ku mishoni. Asananyamuke anawatengera ku kampu ya m'munsi mwa Mtsukamwala kuti akaphunzire ntchito imodzi yovuta: ndege ikagwa m'nkhalango, kumufunafuna munthu wa m'ndegemo, kumupeza adani asanamupeze, kumumanga mabala ndi kumutulutsa pa machira. Anakwera ndi kutsika phirilo masabata asanu ndi limodzi, mpaka mimba zimene ena anazilera zaka zambiri zinachoka osatsanzika.

Anawagawa m'magulu, ndipo gulu lomveka kuposa onse linali la Sajeni Lufeyo Kambalame. Anzake ankamuseka kuti dzina lakelo ndi la munthu wouluka, osati wotola ogwa, iye n'kumangomwetulira. Anali wamfupi, wojintcha, imvi zitayamba kutulukira m'mbali mwa chipewa. Sankakuwa. Akangoti tiyeni, anthu ankanyamuka. Gulu lake linali la anthu asanu ndi mmodzi, ndipo m'mawa uliwonse ankawauza mawu omwewomwewo.

"Tikalowa m'tchire asanu ndi mmodzi, tituluka asanu ndi awiri."

Iwo ankayesa kuti mawuwa anawatola m'buku. Sanali a m'buku. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, ali msilikali wamba wonyamula wayilesi, Kambalame anapita ku mishoni koyamba. Helikopita inagwa m'nkhalango, anthu atatu anafera pomwepo, mmodzi anapulumuka: makaniko wa ndegeyo, Welosi Namakhwa wa ku Thyolo. Kambalame analankhula naye pa wayilesi maola anayi athunthu, akumuuza kuti limbani mtima, tayandikira. Kenako kunatsika nkhungu, akuluakulu analamula kuti gulu libwerere, ndipo linabwerera. Womuuza Namakhwa kuti lero sitifika, tibwera mawa, anali Kambalame yemweyo. Mawa lake anapeza udzu wogonekedwa ndi jombo imodzi. Thupi silinapezeke. Nkhaniyi sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake, koma inkamudya, ndipo analumbira mumtima kuti sadzasiyanso munthu m'tchire ngakhale kumwamba kutagwa.

Mayeso omaliza anali Lachisanu. Gulu lolephera likanatsala kumudzi anzawo akukwera ndege. Kambalame analibe nazo nkhawa. Phirilo ankalidziwa kuposa khonde la nyumba yake.

Vuto linabwera ndi chidole. Pophunzira ankanyamula chidole cha labala, cholemera ngati munthu wamkulu, koma Lachinayi masana lole inachiponda chikuuma padzuwa, mutu n'kuphwanyika. Mkulu wa maphunziro anali Kaputeni Mtambalika, munthu wa sukulu zake, wokulira mumpanda mu Lilongwe, amene nthochi ankaidziwira pa mbale. Nzeru anaipeza msanga, ndipo inali nzeru ndithu, tisamuchotsere. Anatuma anthu kukadula thunthu lalikulu la nthochi kudimba, anatulutsa ovololo yakale ya anthu a ndege m'bokosi la kosungira katundu, analiveka thunthulo, manja ndi miyendo n'kupakiramo udzu. Lachisanu kukucha aphunzitsi awiri anali atakalisiya kale pamwamba pa phiri.

Pofotokoza za mayesowo m'mawa umenewo, Kaputeni anatchula za thunthulo monyadira. Kopolo Esinati Muhiwa, namwino wa gulu la Kambalame, mayi wa ku Phalombe wosaopa munthu, anakweza dzanja.

"Bwana, ndilankhuleko?"

"Lankhulani, Kopolo."

"Kwathu thunthu la nthochi silivekedwa zovala za munthu. Timatero pokhapokha munthu akafera kutali kapena m'madzi, thupi osapezeka. Timaliveka malaya ake, timamuitana dzina katatu kuti abwere, ndiye timakaika m'manda ngati ndi mwini wakeyo."

Kaputeni anaseka, osati mwachipongwe, koma monga amasekera munthu amene zinthu zonse anaziwerenga.

"Ndiye mukuti tiitane abusa? Kopolo, chimenechi ndi chidole. Ku mishoni simukapeza azakhali anu okuuzani kuti ichi chigwireni, ichi musagwire." Anayang'ana pepala lake. "Munthu wathu wa lero tangomupatsa dzina lomwe lalembedwa pa kolala ya ovololoyo. Namakhwa W. Ine ndikhala pano ndi wayilesi, ndizilankhula ngati iyeyo. Mukamupeze pamene pamangidwa nsalu yofiira, mutsike naye pa mlatho wamatabwa faifi koloko isanakwane."

Dzinalo Kambalame analizindikira nthawi yomweyo. Koma anaima nji. Anadziuza kuti a Namakhwa ndi ambiri ku Thyolo, ukaponya mwala pamsika ugenda mmodzi. Anachita sawasha kwa Kaputeni, natembenukira anthu ake.

"Tiyeni."

Ananyamuka dzuwa lili pamutu, kunja kuli ngwee. Patsogolo panali Kambalame, kumbuyo kwake Tchale wonyamula wayilesi, munthu amene pakamwa pake pankapuma akamadya pokha. Kenako Muhiwa ndi chikwama chake cha mankhwala, ndipo pambuyo asilikali atatu amphamvu, wamkulu wawo Gunde atasenza machira opinda paphewa.

Asanafike pakati pa phiri anakumana ndi bambo wina akutsetsereka ndi njinga ya makala. Ataona machira anaima, anatsamiritsa njinga pamtengo, navula chipewa.

"Pepani akuluakulu. Zagwa kuti?"

"Palibe maliro, madala," anatero Tchale. "Tikungophunzira."

"Oo. Ndiye uja akubuula kumtundayu si wanu?"

"Kumtunda kulibe munthu."

Bamboyo anayang'ana kumene anachokera, nayang'ananso machira.

"Chabwino. Kaya ndi mphepo."

Koma chipewa sanavale mpaka onse atadutsa. Tchale anati anthu a makala utsi unawalowa m'makutu, Gunde anaseka, enawo anasekako pang'ono pomuthandiza.

Atafika pa mitengo ya masuku, pamene njira imathera, Kambalame analamula kuti ayambe kuitana. Tchale anagwada, anakonza mlongoti wa wayilesi, nakuwa ndi mawu ake a pa ntchito.

"Namakhwa, Namakhwa, Namakhwa, uno ndi Mphamba, mukutimva?"

Mphamba linali dzina la gulu lawo pa wayilesi. Muhiwa anamuyang'ana ndi diso loipa.

"Katatu konse, iwe?"

"Buku limati katatu, achemwali. Mukadandaule kwa amene analemba."

Wayilesi inangoti sii, osayankha. Anapitirira kukwera. Patapita nthawi Muhiwa anafuna kumwa madzi, anagwira m'chiuno, botolo palibe. Lamba wake anali womanga bwinobwino, kathumba ka botolo kali kotseka, koma mkati mulibe kanthu. Anati walitenga ndi Tchale. Tchale analumbira kutchula agogo ake. Kambalame anawauza kuti za botolo akakambirana kumunsi, koma iye anali atayamba kumva china. Mbalame zinali zitasiya kulira. Ndipo mumpweya munali fungo, lochepa koma lodziwika, longa la palafini, fungo la mafuta a ndege. Pa Mtsukamwala sipanagwepo ndege chiyambire. Gunde anapeperetsa mphuno, nayang'ana Sajeni.

Pamenepo wayilesi inakhosomola.

"Ndikumva."

Anali mawu a munthu wotopa, otuluka pang'onopang'ono ngati wolankhulayo akusunga mpweya.

"Ndikumva, Mphamba. Ndili pansi pa thanthwe. Mwendo wakumanjawu sukugwira. Kuno kukuzizira."

"Eee, abwana Kaputeni anaphonya ntchito," ananong'ona Tchale ataphimba wayilesi ndi dzanja. "Akanakhala a zisudzo. Mpaka kalankhulidwe ka ku Thyolo!"

Pa ntchito imeneyi pali lamulo. Munthu aliyense wa ndege asanauluke amasiya khadi lokhala ndi funso lachinsinsi ndi yankho lake, kuti omufuna atsimikize kuti akulankhula ndi mwini wake, osati mdani amene watola wayilesi. Khadi limene Kaputeni anawapatsa linkafunsa dzina la sukulu. Tchale analitulutsa kuti awerenge, koma Kambalame anamulanda cholankhulira.

"Namakhwa, uno ndi Mphamba. Njinga yanu yoyamba munaitcha dzina lanji?"

"Sajeni, funso limenelo palibe pa khadi," anatero Tchale.

Funsolo linali la pa khadi lina, limene analiwerenga ali mnyamata, atagwada m'matope a dziko la eni. Kenako m'wayilesi munamveka kuseka kofooka, kwa munthu amene kuseka kukumupweteka m'nthiti.

"Ndifikabe."

Linali yankho lake lenileni. Mawu aja anapuma, kenako anabweranso, opanda mkwiyo, ngati munthu wongokumbutsa mnzake.

"Ndinu a Kambalame? Munati mawa."

Wayilesi inachita phokoso, ndipo munatulukira mawu ena, amphamvu, a munthu wokhuta, amene onse ankawadziwa.

"Mphamba, Mphamba! Mwagona kodi? Ndakhala ndikuitana theka la ola, bwanji simukuyankha?"

Tchale anatsegula pakamwa, napatsekanso. Aka kanali koyamba chilowereni usilikali kuti asowe chonena. Kambalame anayankha Kaputeni kuti wayilesi inavuta, koma tsopano ili bwino, akupitirira. Mantha anali nawo, tisanamizane. Koma pansi pa manthawo panali china chonga chimwemwe. Munthu amene anamusiya anali pafupi, mtunda wa theka la ola basi, ndipo ulendo uno wolamula gulu anali iye.

Nsalu yofiira anaipeza itamangidwa pamtengo monga anawauzira. Pansi pake panali udzu wogonekedwa, chidole palibe. Gunde ndiye anaona mkukuluzi, mzere wa chinthu chokwawa, wotsikira kumanzere. M'mbali mwake dothi linali lokumbika apa ndi apo, monga zimakhalira munthu akamadzikoka ndi zigongono.

"Aphunzitsi aja akutiyesa," anatero msilikali wina. "Achikoka dala."

"Mapazi awo ali kuti?" anafunsa Muhiwa.

Anthu a ndege amaphunzitsidwa kuti ukagwa usakhale pamene wagwerapo, uchokepo ukabisale. Anatsata mzerewo mpaka pa thanthwe lalikulu lokhala ndi kaphanga pansi. M'menemo ndi mmene linali thunthu lija, litatsamira mwala, litakhala tsonga. Mutu linalibe; pamwamba pa kolala panali podula pa chikwanje, poyera, pakudontha madzi. Pambali pake panali botolo la Muhiwa, lotsegula, mulibe ngakhale dontho.

Kambalame anagwada, anapinda kolala. Zilembo zinali zofufutika koma zowerengeka. Pathumba la pachifuwa panali posokedwa ndi ulusi wobiriwira, ndipo anakumbukira munthu wamtali, woseka ndi mano onse, akusoka ovololo yake yosinthira pakhomo pa tenti. Sanafunikenso umboni wina.

Muhiwa anali atatsegula kale chikwama. Pantchafu yakumanja ovololo inali yonyowa, yoderako. Utomoni wa nthochi umatero ukakhudza nsalu, aliyense akudziwa. Koma iye sanadule nsaluyo kuti aone, monga buku limanenera. Anamanga bandeji pamwamba pake, mosamala, akulankhula chapansipansi.

"Pepani bambo, ndikugwirani pang'ono. Zipweteka, koma pirirani."

Akumaliza kumanga, dzuwa linazima. Nkhungu inatsika kuchokera pamwamba pa phiri mosachita phokoso, inameza mitengo, inameza thanthwe, mpaka munthu sankaona jombo za mnzake. Pa Mtsukamwala nkhungu imabwera mwezi wa Juni. Uwu unali Okutobala. Anali atangoika thunthu pa machira pamene Kaputeni anaitana.

"Mphamba, mayeso aimitsidwa. Nkhunguyi ndi yoopsa, sindikufuna wina athyoke mwendo sabata yonyamuka. Siyani chidolecho pomwepo, mutsike njira yachidule. Tikachitenga mawa."

Kambalame anatseka maso. Mawu omwewo, nkhungu yomweyo. Anatenga cholankhulira.

"Bwana, tamupeza. Titsika naye."

"Sajeni, mwamva zimene ndanena? Ndi nthochi imeneyo! Ndikulamula kuti muisiye."

"Ndamva, bwana. Sindimusiya."

"Mukatsika ndi machira amenewo, dzina lanu ndilichotsa pa mndandanda wa opita ku mishoni. Ndipo mukayankha mlandu wokana lamulo. Zaka makumi awiri za ntchito mukufuna kuzitaya chifukwa cha thunthu?"

"Tikumana pa mlatho, bwana."

Anabwezera cholankhulira kwa Tchale, naitana anthu ake kuti asendere pafupi. Ankangoona zithunzithunzi zawo. Anawauza zonse, za helikopita, za maola anayi, za jombo imodzi, mwachidule, osadzikometsera.

"Lamulo mwalimva nonse, ndipo ndi lamulo labwino," anatero. "Amene akutsika atsike, sindimuona ngati wamantha. Muli ndi ana, muli ndi ulendo. Mlanduwu ndi wanga. Ndimubereka kumsana."

Kenako Gunde anakhosomola.

"Sajeni, inu ndi msinkhu wanuwo, miyendo yake izikwekwereza pansi. Gwirani kutsogoloko."

"Ine ndaitana katatu," anatero Tchale. "Ndikamusiya pano adzanditsata kwathu. Bola ndimuperekeze."

Muhiwa anavula jekete yake, nafunditsa pachifuwa pa ovololo. Anthu anayi ananyamula machira n'kuika pamapewa, chifukwa potsetsereka pamanja sizitheka. Njira yachidule inali ya miyala, yosayendeka ndi katundu, choncho anatenga yaitali, yodutsa kumtsinje. Kambalame anali kutsogolo kumanja, akuyenda ndi mapazi okha, maso alibe ntchito. Sanaphonye mwala ngakhale umodzi.

Aphunzitsi awiri analikweza thunthu limenelo m'mawa akucheza. Tsopano anthu anayi ankapuma ngati ng'ombe za pangolo. Mtengo wa machira unkalowa m'phewa la Kambalame mpaka pafupa. Anzake ankasinthana, iye anakana kusinthidwa. Nthawi zina, akaponda molakwika machira n'kugwedezeka, pamwamba pawo pankamveka kanthu, kamawu kakang'ono kotuluka m'mano. Gunde ankati ndi nsalu ya machira ikulira. Ankanena yekha, palibe amene anamufunsa.

Anafika pa mtsinje wa Namitembo madzi ali ofika m'maondo. Kambalame anaponda m'madzi, mnzake wa kumanzere anapondanso, koma machira anakana. Sanakodwe pamtengo, Muhiwa anapapasa mbali zonse. Anangolemera, kulemera kwa mwala wa mphero, mpaka awiri a kumbuyo anagwada pansi. Anayesanso kachiwiri. Anayesa onse asanu ndi mmodzi. Tchale anayamba kupemphera, akusakaniza mapemphero a mipingo itatu.

"Sajeni," anatero Muhiwa, "simunaperekezepo maliro ochokera kutali? Munthu sawoloka naye mtsinje osamuuza. Sakudziwa kuti ali kuti. Muuzeni."

Kambalame anatembenuza mutu, tsaya lake n'kukhudza nsalu yonyowa ya ovololo. Analankhula ndi mawu amene ankalankhula nawo pa wayilesi kalelo, koma ulendo uno sanali kunama.

"A Namakhwa, ndine Kambalame. Kuno si kuja munagwera kuja ayi. Kuno ndi kwathu. Uno ndi mtsinje wa Namitembo, tikuwoloka. Kutsidyaku kuli msewu, kuli galimoto. Sitikusiyani."

Madzi okha ndi amene ankamveka. Kenako Gunde anati "Ii!", chifukwa machira anakwera okha paphewa pake ngati wina wachotsapo thumba la chimanga. Anawoloka. Kuyambira pamenepo Kambalame ankanena chilichonse: apa tikutsika, apa pali dimba la anthu, apa takhota kumanja. Nkhungu inayamba kupyapyala, ndipo potulukira pa msewu wafumbi inatsalira kumbuyo, itaima m'malire mwa mitengo.

Dzuwa linali litangolowa. M'mbali mwa msewu munali anthu a m'mudzi wapafupi, ochokera kumadimba ndi kuchigayo. Palibe anawauza kanthu. Amayi anatula mitolo, anakhala pansi atatambasula miyendo. Abambo anatsika panjinga. Gulu linadutsa pakati pawo mwakachetechete mpaka pa mlatho wamatabwa, pamene panali lole ndi Kaputeni Mtambalika ataima manja ali kumbuyo.

Sanakuwe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukuwa.

"Tsitsani pansi. Sajeni Kambalame, mwandichititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi onse. Mwaika anthu asanu pangozi. Vulani ovololoyo ibwerere m'bokosi, thunthulo muponye mumtsinje."

"Bwana, chilango chilichonse ndilandira. Koma kuvula sindivula."

"Kopolo Muhiwa."

"Pepani bwana, manja anga sangathe."

Kaputeni anayang'ana Gunde, Gunde anayang'ana kumwamba. Anayang'ana Tchale, Tchale anali kalikiliki ndi mlongoti wa wayilesi umene unalibe vuto lililonse.

"Chabwino. Ndivula ndekha."

Anagwada pambali pa machira, anakankhira jekete ya Muhiwa kumbali, anagwira zipi ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kuliika pachifuwa pa ovololo kuti atsamire. Zipi sanaikoke. Anakhala choncho, atawerama, dzanja lili pachifuwapo. Anthu amasiyana pa zimene zinachitika. Tchale amati anaona dzanja la Kaputeni likukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Gunde amati sanaone kanthu, kunali kutayamba mdima. Mwini wake sananenepo, ndipo amene anayesa kumufunsa pambuyo pake sanayesenso kachiwiri.

Chimene onse anaona n'chakuti anabwezera jekete ija bwinobwino, mpaka kuipinda m'mbali kuti mphepo isalowe. Anaimirira, maondo ali fumbi, navula chipewa.

"Sajeni."

"Bwana."

"Munthuyu kwawo n'kuti?"

"Ku Thyolo, bwana. Kuseri kwa minda ya tiyi, mukapitirira chigayo cha malata ofiira. Anandilongosolera yekha njira yonse, nthawi ija."

"Lole inyamuke kukangocha. Mupite nonse, muvale zoyenera." Analoza machira. "Musamugoneke kosungira katundu. Mumuike mu tenti yanga, ine ndigona kwina."

Za mndandanda ndi za mlandu sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Loweruka ananyamuka kusanatenthe. Kambalame anakhala kumbuyo kwa lole pambali pa machira, akutchula mlatho uliwonse, msika uliwonse. Phewa lake lakumanja linali litatupa, lasupuka, malaya akumamatira pachilonda, koma sanauze munthu, ngakhale Muhiwa. Chimene chinkamuvuta chinali china. Sanatumize uthenga, chifukwa panalibe nambala, panalibe amene ankadziwa abale. Ankadzifunsa kuti akayamba bwanji. Munthu umafika bwanji pakhomo pa eni, patapita zaka khumi ndi chimodzi, n'kunena kuti ndine amene ndinamusiya m'bale wanu, ndipo ndakubweretserani nthochi? Akanamuthamangitsa ndi miyala sakanadabwa.

Anapitirira minda ya tiyi dzuwa litapendeka. Chigayo chinalipo, malata ake atasanduka a dzimbiri. Atangokhota, dalaivala anachepetsa liwiro. Pamsewu panali masamba aawisi oyalidwa modutsa, chizindikiro cha maliro.

"Tafika tsiku loipa," anatero Tchale. "Kuli kale zovuta kuno."

Anatsika. Pabwalo la nyumba ina panali anthu ambiri, abambo pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi pakhonde akuimba motsitsa. Cha kuseri, amuna anayi a matope m'miyendo ankatsuka makasu. Nyimbo inaleka. Mayi wina wamtali, wa zaka ngati makumi asanu, anadzuka pakhonde n'kubwera molunjika, osayang'ana Gunde, osayang'ana Muhiwa. Anaima pamaso pa Kambalame, nanjuta mwaulemu.

"Ndinu a Kambalame."

"Ndine, mayi. Pepani, tapeza muli pa zovuta. Amene watisiya ndani?"

"Palibe wina. Tikudikira inu. Ine ndine Fanesi, mlongo wake wa Welosi." Anayang'ana kumbuyo kwa lole. "Zaka zonsezi anthu ankatiuza kuti tiike nthochi, ife tinkakana, tinkati abwera. Usiku wathawu ndinawaona kutulo achimwene. Anati, chemwali, uza amalume akumbe, ndili m'njira. Manda atha kale."

Kambalame anafuna kuyamba mawu amene anawakonza njira yonse. Anavula chipewa, anachipinda m'manja.

"Mayi, pali zimene muyenera kudziwa. Tsiku limene anagwa, amene ankalankhula nawo pa wayilesi ndine. Ndi ine amene ndinawauza kuti..."

"Zimenezo sananene," anamudula mayiyo. "Ananena chimodzi chokha za inu. Anati wamfupiyo afika phewa lakumanja litatupa, chifukwa anakana kusinthidwa. Anati ndikuwiritsireni madzi."

Analoza pambali pa khitchini. Pamafuwa panali ndowa ikutuluka nthunzi, pambali pake beseni ndi kansalu koyera kopindidwa.

Sajeni Lufeyo Kambalame, amene anthu ake anali asanamuonepo akuphethira ngakhale mfuti zikulira, anakhala pansi pafumbi pomwepo, nalira mokweza ngati mwana. Mayi Fanesi anamusiya alire. Kenako anagwada, anayamba kumumasula mabatani a malaya.

"Bwerani msanga, achimwene," anatero. "Madzi angazizire, ndipo anthu akudikira kuti mumunyamule komaliza."